Njira zimene galimoto sizidziwa

M'mudzi wina kunja kwa Vila ya Ulongwe mudabuka kamkangano mwezi wa Juni, ndipo chimene chidautsa mapiri pachigwa ndi njinga ya kapalasa. Njingayo ndi Hero yakuda, ya matayala a 28 ndi mabuleki a zitsulo. Eni ake ndi mkulu wina wa zaka zopitirira 60, amene adaigula ku Dedza m'chaka cha 1993 pobwerera kumudzi nkhondo itatha. Mdzukulu wawo, mnyamata wa zaka 18, adali atagulitsa soya wake woyamba, tsono adafuna kuti njingayo igulitsidwe, ndalama yake iwonjezere pa ya soyayo. Mtima wake udali pa njinga yamoto yoti azinyamulira anthu pakati pa Vila ndi midzi.

"Agogo, chitsulo chimenechi chidatha ntchito. Masiku ano akupalasa ndani?" adatero mnyamatayo.

Agogowo sadakane, komanso sadavomere. Adati: "Iwe, chinthu sagulitsa usanachidziwe. Kabwereke njinga ya amalume ako, tiyende maulendo atatu. Tikabwerako ku ulendo wachitatu, ukaigulitse ngati maganizo ako adzakhale akadali omwewo."

Sabata ino tsamba lino likutsata maulendo atatuwo, chifukwa njira zimene adadutsa awiriwa ndi za aliyense wokhala m'malire muno. Kunena zoona, anthu a kuno ndi akatswiri pa njinga, koma ambiri amapalasa mutu uli pansi, thumba la chimanga lili pa kaliyala, maganizo ali kuchigayo, kumsika kapena kuchipatala. Munthu amatha zaka 20 akudutsa njira imodzi osadziwa kuti akatembenuka pa chitunda chakutichakuti akhoza kuona mapiri a maiko awiri nthawi imodzi.

Ulendo woyamba: kuseri kwa mabairo

Ulendo woyamba udali waufupi, wa Lamulungu masana atatuluka ku tchalitchi. Adasiya msewu wa tala ndi kulowa tinjira ta kuseri kwa mabairo, kumene nyumba za malata zimathera ndi kuyamba minda. Miyezi ya Meyi, Juni, Julaye ndi Ogasiti ndiyo yabwino pa maulendo otere. Matope amakhala atauma, fumbi la Okutobala lisanafike, ndipo kamphepo kozizira ka dziko lokwera lino kamachititsa kuti munthu asachite thukuta kwambiri.

Agogo adayamba ndi kuloza Vila imene. Adamuuza mnyamatayo kuti ufulu wa 1975 usanabwere malowa ankatchedwa Vila Coutinho, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero akuluakulu amangoti "ndikupita ku Vila". M'chaka cha 2008 Ulongwe idakhala munisipiyo, ndipo kuchokera nthawi imeneyo nyumba zakhala zikudya minda chaka ndi chaka. Pamene kale padali mabusa odyetsa ng'ombe, lero pali mauvuni a njerwa ndi maziko a nyumba.

Atatsetsereka adafika kudambo. Kumeneko nthawi ya chilimwe sikukhala chilimwe ayi. Madimba a kabichi, matimati, anyezi, mpiru ndi kachewere amangoti biriwiri, amayi ndi abambo ali kalikiriki ndi makheni othirira. M'mbali mwa njira muli mizere ya mabulugamu, ndipo mapichesi a m'makomo amakhala atayoyola masamba kudikira maluwa ake. Mnyamatayo adavomera kuti dambolo amalidziwa, koma adali asanaliwonepo dzuwa likupendeka, madzi a m'zitsime akunyezimira ngati magalasi.

Pa ulendo womwewu adakumana ndi vuto loyamba. Njira imene agogo ankaidziwa kuti ngolo ziwiri zinkapatukirana idali itatsala mpata wa phazi limodzi. Wina adawonjeza mizere iwiri ya munda wake chaka china, mnzake wa tsidya linalo nayenso adawonjeza itatu. Patsogolo pang'ono, pamene ngolo zidasiya mikwasa ya matayala pa mtsetse, madzi a mvula adatsata mikwasayo ndi kukumba chigwembe chofika m'chiuno. Adatsika ndi kunyamula njinga pamapewa.

"Njira imafa ngati munthu, mdzukulu wanga," adatero agogo. "Imayamba ndi kuwonda."

Ulendo wachiwiri: mbali za Lifidzi ndi Domwe

Ulendo wachiwiri udali wogona, chifukwa cha kumeneko kuli abale. Adanyamuka tambala wachiwiri atangolira, nkhungu ikadali m'zigwa, manja akuuma ndi chisanu pa mahandulo. Agogo adamanga pa kaliyala pampu, sipanala, zigamba ndi guluu womatira chubu, chigubu cha thobwa ndi mbatata yootcha. Mnyamatayo adaseka katunduyo, nati yense uyu ngwa chiyani ngati akusamuka.

Njira ya kumeneko ndi ya zitunda ndi zigwa. Ukakwera, umatsika, ukatsika, umakweranso. Pamwamba pa chitunda chilichonse maso amafika kutali: minda yokolola ya chimanga, nyemba ndi soya, zigafa za fodya, makola a ng'ombe, ndi timisitu tobiriwira tokhala patokha pakati pa minda. Mlendo akhoza kuganiza kuti timisitu timeneti ndi pabwino popumira. Mwana wa kuno amadziwa kuti ambiri mwa iwo ndi manda, ndipo salowamo popanda chilolezo cha eni mudzi.

Dzuwa litakwera adapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Mnyamatayo adafuna kungodutsa, koma agogo adali atatsika kale, chipewa chili m'manja. Masamba pa msewu ndi chizindikiro cha maliro. Wa njinga amatsika ndi kukankha mpaka atadutsa masamba a mbali inayo, osaliza belu, osakweza mawu. Chimodzimodzinso akakumana ndi gule wamkulu panjira: amatsika, n'kupatuka, ndipo ngati ali ndi kandalama amakaponya pansi. Kanjira kamene paikidwa chizindikiro cha eni gule si kolowamo munthu wosavinidwa, ngakhale kataoneka kachidule chotani. Gule ameneyu bungwe la UNESCO lidamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, koma ulemu wake weniweni umaoneka panjira pamene wa njinga watsika.

Cha ku Lifidzi adaima pa mishoni yakale ya ansembe a Chijezwiti, imene yaphunzitsa ana a dera lino kuyambira nthawi ya atsamunda. Kufupi ndi kumeneko kuli Chapotera. Agogo adamuuza mnyamatayo kuti usiku wa pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri adatengedwa pamalopo ndi kuphedwa: bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia konkuno, ndi bambo Sílvio Alves Moreira wochokera ku Portugal. Akhristu amapitako kukapemphera mpaka lero. Mnyamatayo dzina la Chapotera adalimvapo ku tchalitchi, koma sankadziwa kuti ndi malo oti munthu akhoza kufikako ndi miyendo yake.

Kuchokera pamenepo phiri la Domwe limakhala likukula pang'onopang'ono kutsogolo. Phirili ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo m'chigawo cha Tete ndilo limatchuka pa kutalika. Patsinde pake ndi pamene Angoni a kwa Maseko adakhazikika cha m'ma 1870 pansi pa Chidyaonga, atabwerera kuchokera ku Songea, dziko la Tanzania lero. Pambuyo pake ufumu udapita kwa Chikuse, kenaka kwa Gomani, amene Angerezi adamupha m'chaka cha 1896. Dzina lakuti Angonia lidachokera kwa Angoni omwewa. Motero wopalasa njinga mbali imeneyi akuponda m'mapazi a anthu amene zidzukulu zawo zili mbali zonse ziwiri za malire, ku Ntcheu, ku Dedza ndi kuno.

Tsoka lidagwa pobwerera m'mawa mwake. Atawoloka kamtsinje kosaya osatsika, adakwera chitunda ndi kuyamba mtsetse wautali wa miyala. Mnyamatayo adausiya uthamange. Pofika pokhota adagwira mabuleki, koma njinga siidamve. Mwayi wake padali munda wa nyemba m'malo mwa chigwembe. Adagwera m'mizere, bondo ndi chigongono zitasupuka, tayala la kutsogolo litaphulika.

Chifukwa chake sichidali chamatsenga. Mabuleki a njinga zotere amagwira pamene timphira tiwiri tapana limu. Timphirato tikadyeka, chitsulo chimangokhudza chitsulo. Limu ikanyowa, ngakhale timphira tatsopano timaterereka kwa kanthawi. Njinga ya amalume idali ndi mavuto onse awiri. Wodziwa akawoloka madzi amayenda pang'ono akugwiragwira mabuleki kuti limu iume, ndipo pa mtsetse amayamba kugwira kumwamba komwe, liwiro lisanakule, buleki ya kumbuyo patsogolo. Akanyamula thumba la makilogalamu 50 pa mtsetse wa miyala, nzeru ndi kutsika n'kukankha. Kutsika panjinga si manyazi.

Pamenepo ndi pamene katundu wosekedwa uja adagwira ntchito. Agogo adachotsa chubu, napopa pang'ono, nachimiza m'madzi a kamtsinje kuti thovu lionetse pobooka. Adapala pamalopo ndi kamwala, napaka guluu, nadikira kuti achite ngati wauma, kenaka n'kumata chigamba. Asanabwezere chubu adayendetsa zala m'kati mwa tayala kufufuza minga, chifukwa womata chubu n'kusiya munga m'tayala amamata kawiri. Mnyamatayo adangoti kukamwa yasa. Ulendo wonse wotsalawo sadasekenso.

Ulendo wachitatu: ku malire

Padapita masabata awiri kuti bondo lipole. Ulendo wachitatu udali wa ku Calomue, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Vila. Msewu wa tala wa kumeneko ndi umene umachokera ku Mussacama, pa msewu waukulu wa Tete ndi Zobue, n'kudutsa pa Ulongwe mpaka kukalowa ku Dedza. Ndi wosalala, koma ndi umenenso umadya anthu a njinga, chifukwa mumadutsa malole akuluakulu opita ku Lilongwe. Kuno ndi ku Malawi komwe magalimoto amayenda kumanzere, choncho wa njinga malo ake ndi kumanzere kwenikweni. Awiri akamayenda amatsogozana, osati kuyenda mogundana mapewa akucheza. Lole ikamveka kumbuyo, wanzeru amatsikira m'fumbi, pakuti mphepo ya lole yokha imatha kumukokera munthu ku matayala. Usiku popanda nyali ndiye n'kudziika m'kamwa mwa mkango.

Asanafike pa chipata, agogo adakhotera m'kanjira ka fumbi kolowera m'midzi ya m'malire. Dera limeneli ndi lokongola mwa mtundu wake: miyala ikuluikulu yosanjikizana, minda ya kachewere yokwera m'mapiri, ndipo kutsogolo phiri la Dedza lili njo, nalonso lopitirira mamita 2,000. Pamwamba pa chitunda china agogo adatsanulira pansi timadzi ta m'chigubu, nati: "Madzi awa akatsikira uku, apita ku Revubue mpaka akagwere mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Akatsikira uko, apita ku nyanja ya Malawi." Adanena zoona. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidatsata msana wa mapiri wogawa madzi, ndipo ndi umene udasanduka malire. N'chifukwa chake pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire mwenimweni, ndipo pa msika wa Lizulu munthu amagula kabichi dziko lina, chenje n'kulandirira dziko lina.

Apa pafunika chenjezo. Tinjira ta m'malire sitikhala ndi zikwangwani. Munthu akhoza kulowa dziko la eni osadziwa. Woyenda kumeneko asaiwale chitupa chake, ndipo ngati akufuna kuwolokadi, makamaka ndi katundu wa malonda, njira yake ndi ya pa chipata. Chinanso: boma lidalengeza pa 17 Sepitembala 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira achotsedwa m'dziko muno. Komabe mvula ndi khasu nthawi zina zimafukula zitsulo za nkhondo. Woona chitsulo chachilendo asachikhudze, akauze anyakwawa kapena apolisi.

Agogo adayamba kuyenda pang'onopang'ono, akuimaima. Kawiri konse adabwerera. Njira imene ankaifuna idali italimidwa, midzi nayo idasuntha anthu atabwerera ku nkhondo. Pomaliza adaima, nayang'ana phiri la Dedza, nayang'ananso mwala wina wong'ambika pakati, nati ndi pano. Adapita kwa anyakwawa a mudziwo, napereka moni mwaulemu, nafotokoza chimene adadzera. Anyakwawa adatuma mkulu wina kuti awaperekeze mpaka m'mphepete mwa kamsitu.

Ali chiimire pamenepo, chipewa m'manja, agogo adalankhula motsitsa mawu. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika poipa, iwo ndi agogo aakazi adathawa usiku wapansi, mwana wawo woyamba ali kumbuyo, akudwala. Mwanayo adatsirizika asanawoloke malire. Anthu a mudzi umenewo, ngakhale nawonso adali pa chipwirikiti, adawapatsa malo m'manda mwawo ndi kuwathandiza kukumba m'bandakucha.

"M'menemu ndi m'mene mudagona azakhali ako amene sudawaone," adatero agogo. "Bambo ako adabadwira ku Dedza, pothawa pomwepo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndidagwira maganyu mpaka ndidagula njinga iyi, ndipo pobwerera ndidadzera pano. Chaka chilichonse ndimabwera. Koma maondo anga atha, ndipo waona wekha kuti njira ikusowa. Galimoto sifika kuno. Ndikadzapita ine, adzadziwe ndani?"

Mnyamatayo sadayankhe. Adangoyang'ana mwala uja, nayang'ananso phiri, ngati munthu woloweza.

Anthu opitirira miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi pa nkhondo ija, ndipo maboma a Dedza ndi Ntcheu adalandira ochuluka zedi. Ambiri mwa iwo sadadzere pa chipata. Adadzera m'tinjira tonga timeneti, ndipo pafupifupi banja lililonse la m'malire muno lili ndi malo ake amene limawakumbukira: pamene adabisala, pamene adasiyana ndi m'bale, pamene adaika wina. Malo amenewa sali pa mapu. Ali m'mitu ya anthu amene tsopano akukalamba.

Zofunika kukumbukira

Wofuna kuyesa maulendo otere sasowa ndalama zambiri. Asananyamuke aone timphira ta mabuleki, agwedeze mapedulo kuti amve ngati kotapini walimba, apime masipoko ndi zala, adonthezere tcheni timadontho ta oyilo wa galimoto, osati mafuta ophikira. Matayala akhale opopa bwino, chifukwa tayala lofewa limapanitsa chubu pa mwala. Anyamule pampu, zigamba, madzi ndi chitupa. Auze a pakhomo kumene akupita, ndipo ngati n'kotheka apeze mnzake, pajatu kuyenda awiri si mantha. Pa milatho ya mitengo atsike. M'midzi achepetse liwiro chifukwa cha ana, mbuzi ndi nkhuku, ndipo apereke moni. Safunsa adadya phula: wosokera afunse njira kwa akuluakulu, osati kungolowa paliponse.

Kwa anyakwawa ndi mafumu, pempho ndi lakuti njira za m'midzi zitetezedwe monga zimatetezedwera zitsime. Wolima m'njira abwezedwe pa malire ake mvula isanagwe. Pamene payamba chigwembe, anthu atchinge ndi miyala ndi zikhomo, abzale vetiva kapena nsenjere m'mbali, akumbe tingalande topatutsa madzi. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi chigwembe chikadali chaching'ono, koma chikakula ngakhale mudzi wonse suchitha. Njira yomweyo imene lero ikuoneka ya masewera, mawa ndi imene idzanyamule mayi wapakati kupita kuchipatala usiku.

Nanga njinga ija idatha bwanji? Mnyamatayo maganizo a njinga yamoto sadawasiye, ndipo palibe womudzudzula, pakuti ndi ntchito yopezera chakudya. Ndalama ya soya ikadali yosungidwa, ikudikira ya nyemba. Koma Hero yakuda ija siidapite ku msika. Tsiku lotsatira adapita ku Vila, nagula timphira tinayi ta mabuleki: tiwiri ta njinga ya amalume ake, tiwiri ta njinga ya agogo. Madzulo ake adapezeka pakhonde akupukuta masipoko, mlongo wake wamng'ono ali pambali, akumufotokozera za mwala wong'ambika pakati.

Sabata ya mawa tsamba lino lidzakwera mapiri a ku Tsangano, kwa alimi a tirigu ndi kachewere, kumene mitsetse yake imafuna mabuleki enieni. Amene njinga zawo zili pa denga, ayambiretu kuzitsitsa.